Matabwa Anayi Pansi pa Bedi

Nyumba yathu tinalowamo isanathe. Mvula inali itayamba, ine ndili ndi pakati potopa, ndipo kanyumba kaudzu komwe tinkagona kankadontha chakumutu kwenikweni. Amuna anga anati tingosamuka, zotsalazo tidzamaliza tili momwemo. Tinanyamula bedi, ndowa ndi mapoto n'kulowa m'nyumba yanjerwa yonunkhabe simenti, kumudzi kwawo kwa amuna angawo, chakumsewu wopita ku Chipangali.

Mafelemu onse a zitseko ndi mazenera anapanga ndi apongozi anga aamuna. Iwo ndi kalipentala kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo chisakasa chawo chogwiriramo ntchito chili pabwalo lomwelo, pakati pa nyumba yawo ndi yathu. Amene sanamangepo nyumba mwina sadziwa: felemu ikalowa m'khoma, pamatsala mpata pakati pa thabwa ndi njerwa. Omanga amamatapo, koma pakauma pamang'aluka, n'kumayoyoka pang'onopang'ono chitseko chikamatsekedwa. Ndiye apongozi amaphimba mpatawo ndi timatabwa topyapyala, tokula ngati zala zinayi, tozungulira chitseko kapena zenera chamkati. Pabalaza anakhoma. Kuchipinda cha alendo anakhoma. Ngakhale kachipinda kosungiramo mtedza anakakongoletsa. Atafika pakhomo la chipinda chathu anaona mwendo wa bedi, anatsokomola, n'kubwerera hamala ili m'manja.

Palibe amene anafunsa chifukwa. Bambo salowa m'chipinda chimene mwana wake amagona ndi mkazi. Tikadadikira tsiku limodzi akadamaliza, koma tinali titagonamo kale. Ntchitoyo inatsalira amuna anga, ndipo amuna anga ndi oyendetsa thiraki. Amadutsa paboda ya Mwami n'kusowa milungu itatu kapena inayi, akabwera amagona masiku awiri ngati chipika n'kunyamukanso. Ndikawaonetsa mpatawo ankapisamo chala n'kunena kuti, "Ulendo winawu ndikabwera, ndikhoma."

Mwana anabadwa mu Januwale, wamkazi. Nthawi ya mvula mpatawo unkalowetsa udzudzu, koma tinali ndi neti, ndinapirira. Vuto linadza ndi mphepo ya mu Juni. Zenera lathu linayang'ana kumene mphepo imachokera, ndipo inkalowa ikuimba mluzu. Ndinatsekamo nsanza za chitenje, mbewa zinakoka. Ndinatsekamo mapepala, anathothoka. M'mawa ndinkapeza fumbi litalemba mzere pabulangete la mwana. Kenako anayamba kutsokomola, kachifuwa kouma kosatha, ndipo kukiliniki anandipatsa mankhwala n'kundiuza kuti asamagone pamphepo.

Apa ndiye pamene ndiyenera kunena zoona. Kwa apongozi aamuna sindikadatha kupita. Ndikadayamba bwanji, kutchula chipinda changa chogona pamaso pawo? Koma apongozi aakazi analipo, ndipo ntchito yawo ndi imeneyo, kunyamula mawu amene ine sindingawanene. Ndikadangowauza, iwo akadapeza njira. Sindinawauze. Ndinali nditakhala miyezi yambiri pakhonde ndikuswa mtedza, maso ali kuchisakasa, kuonerera mmene apongozi amayezera, kulemba, kudula. Zinkaoneka zosavuta. Ndimasoka pang'ono, zovala za mwana ndinasoka ndekha, ndipo mumtima ndinkati thabwa silingapose nsalu. Komanso alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga amene amakhala pakhomo pomwepo, ankakonda kundiseka kuti manja anga ndi a supuni basi. Ndinkafuna tsiku lina ndiwalowetse m'chipindamo aone.

Lachitatu lina onse anapita kumaliro chaku Tamanda. Ine ndinatsala chifukwa cha chifuwa cha mwana. Bwalo litangoti zii, ndinamubereka n'kulowa m'chisakasa, momwe ndinali ndisanapondemo chikwatiwire. Pamwamba, pamitanda ya denga, panali matabwa opala kale, a mlombwa, ofiirira, osalala ngati khungu la mwana. Anasanjikidwa bwinobwino, timitengo tili pakati kuti mphepo izidutsa. Ndinawawerenga, anali asanu ndi awiri. Ndinadziuza kuti ndi otsala pa ntchito ya pabalaza. Munthu sasanjika zotsala mwaulemu chotero, ndinkadziwa, koma ndinadziuzabe. Ndinatsitsa anayi, ndinatenga sowo, hamala, pensulo ndi misomali yodzaza dzanja, n'kuthamangira kuchipinda.

Tepi yawo anali atapita nayo m'thumba, monga amachitira nthawi zonse, ngakhale kutchalitchi. Ndinang'amba kansalu kuchitenje chakale, ndinakakoka kuchokera kona ina ya zenera kufika kona ina, n'kutsina pomwe pathera. Ndinakagoneka pathabwa, ndinalemba, ndinadula. Sowo inkalumphalumpha, koma inadula. Pamakona ndinali nditaona kuti apongozi amadula mopendekera kuti matabwa awiri akumane ngati milomo yotseka, ndiye nanenso ndinapendeketsa, ndi diso chabe. Ndinadula onse anayi ndisanayese ngakhale limodzi, poopa kuti anthu andipeza.

Nditakweza loyamba pazenera, linali lalifupi. Lachiwiri lalifupi. Nsalu ija ndinkaikoka poyeza pazenera, pathabwa n'kuigoneka yomasuka, ndipo zala ziwiri zinathera pamenepo. Lachitatu ndinapendeketsa mbali zonse ziwiri kuloza kumodzi, moti silikanakumana ndi linzake ngakhale nditalitembenuza chotani. Ndinati mwina ndikakhoma zikoka zokha. Ndinaika msomali pafupi ndi nsonga ya lachinayi, ndinamenya katatu, thabwa linalira kuti thee, n'kung'aluka kufika pakati. Mwana anadzidzimuka kumsana n'kuyamba kulira. Ine ndinakhala pansi pasimenti, utuchi wofiira uli m'miyendo monse.

Nsalu ukaidula moperewera umaikapo chigamba. Ndinayang'ana matabwawo nthawi yaitali kufuna pomwe ndingaike chigamba, sindinapapeze. Ndiye ndinachita chinthu chimene chimandiwotcha nkhope mpaka lero. Ndinawakulunga m'thumba la feteleza n'kuwakankhira pansi pa bedi, kukhoma kwenikweni. Zida ndinabweza chilichonse pamalo pake. Utuchi ndinasesa n'kukataya kuchimbudzi. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti pabwalo lonselo malo amodzi okha amene mwiniwake sangafufuze ndi amenewo. Ulemu umene ankandipatsa ndi umene ndinabisiramo.

M'mawa mwake ndikusesa ndinamva mawu awo kuchisakasa.

"Amake ana! Ndani watsitsa matabwa pano?"

Apongozi aakazi anatuluka akupukuta manja. "Matabwa ake ati?"

"A mlombwa. Anali asanu ndi awiri, pano pali atatu."

"Munawerenga bwino?"

"Ndinapala ndekha. Ndiwerenge bwanjinso?"

Anafufuza kuseri kwa chisakasa, pankhokwe, m'khola la mbuzi. Alamu anga anabwera ali ndi mswachi mkamwa n'kuyamba kuseka. "Atate, si inu munasiya njinga kutchalitchi mwezi watha n'kubwera wapansi? Tinakaipeza yokha ikupemphera."

"Njinga ndi nkhani ina."

"Nanga magalasi aja munkafuna ali pamphumi?"

Apongozi aakazi nawonso anaseka. Kunalibe choipa m'kuseka kwawo, pakhomo paja amasekana choncho. Koma apongozi aamuna sanaseke. Anafunsa aliyense, ngakhale anthu a nyumba zoyandikana. Ine ndekha sanandifunse, chifukwa sitiyankhulana maso ndi maso. Anatuma akazi awo. Iwo anabwera pakhonde panga n'kunena kuti, "Amake mwana, akuti dzulo munatsala pakhomo. Simunaone munthu akulowa m'chisakasa?"

Ndinagwada, ndinayang'ana pansi, ndinati, "Iyayi amayi, sindinaone munthu."

Anabwerera nalo yankho limenelo. Ndinawamva akuuza amuna awo kuti, "Apongozi anu akuti sipanafike munthu. Ndipo wakuba angasiye sowo ndi puleni n'kutenga timatabwa tinayi? Munapala atatu, bambo, vomerani."

Madzulo a tsiku lomwelo ndinkadutsa kuseri kwa chisakasa ndi ndowa pamutu. Apongozi anali okha, atakhala pabenchi yawo, matabwa atatu aja ali pamiyendo. Ankayankhula okha, akuwerenga ndi zala. "Atatu a chitseko. Anayi a zenera. Atatu a chitseko, anayi a zenera." Madzi anandikhutukira kumsana. M'nyumba yonse chitseko ndi zenera zosamaliza zinali za chipinda changa chokha. Matabwa aja anali anga kale. Anali atawapala mwakachetechete, akudikira kuti mwana wawo akabwera amupatse akakhome. Ndinaba chinthu chimene ankandisungira, n'kuchiwononga.

Wina anganene kuti pamenepo ndiye ndikadaulula. Kwa ine mpamene pakamwa panatsekeratu. Ndinati ndidikire mawa, mtima wawo utsike. Mawa linafika, ndinati ndidikire amuna anga.

Masiku akupita, apongozi anasintha. Poyamba ankati wina waba. Kenako anayamba kunena kuti, "Kapena ndinalota ndikupala." Ndinkawaona akuyeza thabwa limodzi kanayi, kasanu, n'kuliika pansi osadula. Tsiku lina kunabwera bambo wina wa mudzi wapafupi kudzafuna chitseko cha nyumba yake yatsopano. Apongozi anamulandira, anamupatsa mpando, anamvetsera, kenako anati, "Pitani kwa anyamata a m'tauni. Mutu wanga sukugwiranso nambala, ndingakuwonongereni matabwa." Bamboyo anapita nayo nkhaniyo, ndipo pofika Lamlungu kumjigo azimayi ankandifunsa mwachisoni kuti, "Akuti apongozi anu ayamba kuiwala?" Ine ndinkangoti, "Ukalamba," n'kusenza ndowa.

Kulira kwa puleni, chida chopalira matabwa, kunali ngati tambala pakhomo pathu. Ndinkadzuka nako, mwana ankagona nako masana. Sabata yachiwiri kunasiya. Apongozi anapaka zida zawo mafuta, anazikulunga m'chiguduli n'kuziika m'bokosi. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango, manja ali pamaondo, manja amene sindinawaonepo ali chete. Kuseka kuja kunatha. Alamu anayamba kuwayankhula mofatsa ngati wodwala, kuwakumbutsa kuti adya kale, ndipo zimenezo zinkawapweteka kuposa kuseka. Ine m'mawa uliwonse ndikamasesa, tsache linkagunda thumba lija pansi pa bedi. Mwana ankatsokomolabe, mpata uli chitsegukire, nsanza zili lendelende.

Amuna anga anaimba foni ali paboda. "Amayi akuti atate mutu sukuyenda bwino. Ndikabwera tiwatengere kuchipatala. Zida zija tiwapatse asuweni a ku Chipata, zingachite dzimbiri. Iwe ukuwaona bwanji?"

Ndinati, "Akungokhala."

"Uziwayang'anira, ndiwe uli pafupi."

Ndinati, "Chabwino." Nawonso sindinawauze.

Linali Lachisanu la sabata yachitatu, chakumasana. Apongozi aakazi ndi alamu ankatonola chimanga pamkeka. Mwana ndinali nditamusiya kwa iwo kuti ndichape, ndipo agogo ake aamuna anamutenga n'kumukhazika pamwendo. Kamtsikanako kanagwira pensulo imene inali kukhutu kwawo, pomwe imakhala chikhalire, n'kukoka. Iwo anaichotsa n'kumupatsa. "Tenga," anatero. "Agogo ako ntchito nayo alibenso. Mawa a ku Chipata aja akubwera kudzatenga bokosi." Sanalankhule modandaula. Analankhula ngati munthu amene wavomera.

Ndinasiya zovala m'beseni, thovu lili m'manja. Ndinalowa kuchipinda, ndinagona chafufumimba n'kukoka thumba lija. Ndinatuluka nalo masana dzuwa likuswa mtengo, ndinadutsa bwalo lonse. Ndinagwada chapatali, kumbali ya apongozi aakazi, n'kukhutula matabwa anayi pansi.

"Amayi," ndinatero, "ndinatenga ndine. Tsiku la maliro lija. Ndinkafuna kutseka zenera chifukwa cha chifuwa cha mwana, ndiye ndinawononga, ndinabisa. Atate sanaiwale. Anali asanu ndi awiri."

Chitsononkho chinagwa m'manja mwa alamu. "Alamu! Inu? Anali kuti?"

"Pansi pa bedi."

"Mayo ine. Milungu itatu mukugona pamwamba pake, ife tikuwayesa atate amisala?"

Apongozi aakazi sanakweze mawu, ndipo bola akadakweza. Anati, "Amake mwana, ndinabwera pakhonde panu ndi miyendo yanga. Ndinakufunsani. Munandituma bodza kwa amuna anga, ine n'kulinyamula." Ndinayang'ana nyerere imene inkakoka njere ya chimanga pafupi ndi bondo langa.

Apongozi aamuna anaimirira mwana ali m'manja. Anabwera, anawerama, anagwira matabwawo limodzilimodzi. "Limodzi. Awiri. Atatu. Anayi." Anatembenukira kwa akazi awo. "Amake ana, ndinati anali angati?"

"Asanu ndi awiri."

"Sindinamve, makutu akalamba."

"Asanu ndi awiri, bambo."

"Nanga iwe wa njinga yopemphera?"

Alamu anati, "Asanu ndi awiri, atate. Pepani."

Apongozi anapuma mpweya wautali. Kenako anatola thabwa long'aluka lija, analiyang'anitsitsa kunsonga, analitembenuza. Ine sanandiyang'ane. Anayang'ana mwana, wa miyezi isanu ndi umodzi, amene ankatafuna pensulo, n'kumufunsa kuti, "Iwe, amayi ako anayeza ndi chiyani?"

Ndinayankha ndikuyang'ana pansi. "Ndi nsalu."

"Nsalu! Uwafunse, amati akusoka diresi?" Alamu anaphulika kuseka, n'kudzigwira pakamwa. Apongozi anapitiriza kuuza mwana. "Uwauze amayi ako kuti mlombwa uwu ndinausunga zaka zinayi. Wina ndilibe. Amene anaudwalitsa ndi amene auchize. Mawa m'mawa abwere kuchisakasa."

Asuweni aja atabwera m'mawa mwake anapeza bokosi lotsegula, anamwa tiyi n'kubwerera chimanjamanja. Ine ndinaima kunja kwa chisakasa, apongozi mkati, mwana atamukhazika m'beseni pabenchi kuti mawu azidutsira kwa iye. Sanandilole kugwira mlombwa tsiku limenelo. Anandipatsa zidutswa za malaina, mtengo wofewa, kuti ndiphunzirirepo.

"Uwauze amayi ako kuti sowo sakankha ngati akusinja. Ayambe ndi kukoka kawiri katatu, chala chachikulu chili pambali, mpaka ipeze njira. Kenako aisiye idye yokha." Ndinadula, anatenga chidutswacho n'kuchionetsa mwana. "Waona? Adya mzere. Mzere ndi wa thabwa, sowo idutse kunja kwake. Thabwa lalitali timapala, lalifupi timalira nalo." Ndinadula zidutswa mpaka dzanja linatuluka matuza, ndipo chakumasana anayang'ana chimodzi n'kungochiika pambali osanena kanthu. Alamu anandinong'oneza kuti kwa atate kumeneko ndiye kuyamikira.

Za misomali anandiphunzitsanso. Mtengo wolimba ngati mlombwa sufuna msomali wakuthwa, umaung'amba ngati nkhwangwa. Umayamba waugogoda kunsonga ndi hamala kuti ubunthe, n'kuupaka sopo, ndipo suukhoma pafupi ndi mapeto a thabwa, umasiya zala zitatu. Long'aluka lija analitsegula pang'ono, anathiramo guluu, n'kulimanga ndi mphira ya chubu cha njinga kuti ligone mpaka mawa.

Lolemba ndi limene tinakhoma. Apongozi anatenga kampando n'kukhala panja, pansi pa zenera la chipinda changa, msana atatsamira khoma, nkhope kuloza kumunda. Mwana anali pamiyendo pawo. Ine ndinali mkati. Tepi anakana kundipatsa. Anandipatsira kandodo kowongoka kudzera pazenera, dzanja lokha likuoneka.

"Uwauze agoneke kandodoka pafelemu, alembe pomwe pathera. Ndodo sinama, siikoka ngati chitenje. Ndipo asafike m'mphepete mwenimweni mwa felemu. Asiye kampata kochepa ngati kunenepa kwa pensulo, kuzungulira konse, kuti zenera lizitseguka osakhula."

Ndinalemba, ndinabweza kandodo. Anakayerekeza ndi matabwa anga aja, ndinamva akudzuma. Kenako anati nsonga zonse zopendekera zija ndizidule zikhale zowongoka. Ndinadabwa, chifukwa matabwawo anali aafupi kale. Ndinalimba mtima n'kufunsa, ndikuyang'ana khoma, "Nanga m'makona mutsala chiyani?" Dzanja linatulukiranso pazenera lili ndi tizidutswa tinayi ta mlombwa, tofanana mbali zonse, tokulirapo kuposa bokosi la machesi, tonenepa pang'ono kuposa matabwawo. Anali atatidula kuchokera ku zotsala zimene ankasunga m'chitini. Kachidutswa kalikonse kakhala pakona, matabwa n'kudzagunda m'mbali mwake, ndipo zala ziwiri zimene ndinataya zibisala mmenemo.

"Ayambe ndi lapamwamba. Misomali ilowe m'felemu, osati m'njerwa. Asaimalize, aisiye mitu ili kunja mpaka onse anayi akhale bwino, kuti likapotoka athe kuzula."

Ndinakhoma. Iwo sankaona kanthu, ankangomvetsera. Pena ankati, "Umenewo wapindika, auzule." Ndikayang'ana, unalidi utapindika. Pena, "Akumenya ngati akupha njoka. Agwire hamala kumapeto kwa mpini." Nditafika pa long'aluka lija ndinaima. Apongozi panja anamva kuti hamala yasiya kulira. Kenako anati, mofatsa, "Uwauze asaope. Lapola." Msomali unalowa bwinobwino.

M'timipata totsala anandiuza kuti ndisakanize utuchi wa mlombwa womwewo ndi guluu, ndimate ndi chala, pakauma ndikhule ndi sandipepa motsata mizere ya thabwa, osati mopingasa. Chitseko tinachita tsiku lotsatira ndi matabwa atatu amene ndinawasiya aja. Amenewo anadula okha makona ake, opendekera bwino, ine n'kungokhoma. Anandikumbutsa kuti matabwa a m'mbali asagunde pansi, ndisiye kampata kolowa chikhadabo, kuti madzi okolopera asamawanyowetse ndiponso chiswe chisapeze makwerero. Vanishi ndinapaka kawiri, mwana tikugona naye pabalaza mpaka fungo litatha.

Chifuwa chinatha patapita masiku, kaya ndi mankhwala kaya ndi zenera. Amuna anga atabwera anaima m'chipindamo n'kufunsa kuti walowa ndani. Ndinawauza zonse, ndipo sanandiyankhule mpaka tsiku lonyamuka. Apongozi aakazi anatha mwezi akundiyankha ndi mawu amodziamodzi. Sindinawadandaule. Alamu okha ndi amene analowa kudzaona, anagwira tizidutswa ta m'makona n'kunena kuti, "Koma zakongola, alamu akuba inu." Anajambula ndi foni kuti akawaonetse atate awo. Iwo anakana kuyang'ana. Anati chipinda ndi chipinda, ngakhale chili m'foni. Mpaka lero ntchito imeneyo sanaione.

Chimene sichinathe msanga ndi nkhani ija ya kumjigo. Bodza langa linali litayenda midzi itatu, ndipo silikanabwerera lokha. Bambo wa chitseko uja anali atauza anthu, anthuwo anauza ena. Apongozi sanandiuze kuti ndichitepo kanthu. Koma Loweruka lina mayi wina pamzere wa madzi anati, "Nanga agogo oiwala aja ali bwanji?" Ndinatula ndowa. Ndinati, "Saiwala. Matabwa amene ankafuna aja ndinaba ndine, ndinabisa pansi pa bedi." Mjigo unasiya kulira. Ndinafotokoza zonse, za nsalu, za msomali, azimayi ena akuseka, ena akugwedeza mutu. Ndinabwereza kutchalitchi titatuluka, ndinabwereza kuchigayo. Kwa bambo wa chitseko uja ndinapita ndekha, mwana ali kumsana, ndinagwada pabwalo pake n'kunena kuti abwerere, apongozi anga nambala akuzigwira zonse.

Anabwera Lachinayi, matabwa ali pangolo. Ndinali pakhonde ndikuswa mtedza. Ndinaona apongozi akutulutsa tepi m'thumba, anayeza kamodzi, anabwereza kachiwiri monga amachitira kale, anachotsa pensulo kukhutu, yokhala ndi timano ta mdzukulu wawo, n'kulemba. Sanaime kuganiza. Posakhalitsa puleni inayamba kulira, ndipo mwana anagona nayo.

Pano ali ndi zaka zitatu. Kumjigo ena amanditchabe amake matabwa, ndipo ndimavomera. Tsiku lina mwanayo anakwera pabedi n'kuloza tizidutswa ta m'makona a zenera, n'kufunsa chifukwa chake mazenera a pabalaza alibe. Ndinamuuza kuti ndinadula moperewera. Anafunsa kuti agogo anakalipa? Ndinati iyayi, anandiphunzitsa, ndipo mawu onse ankadutsira kwa iweyo. Anatsika n'kuthamangira kuchisakasa kukawafunsa ngati n'zoona.